Funsani Tikuyankheni: Ku Dubai Nthawi Yozizira Munthu Ungakatani?

Zikomo akonzi, ine ndine mayi wa geni, ndimagulitsa nsalu ndi mapafyumu. Ndinapitako ku Dubai mu July kukaoda katundu koma sindinaone kalikonse, kunja kunali kosayendeka ndi kutentha ndiye ndimangochoka mu hotela kulowa mu shopu basi. Ulendo uno ndikufuna mu January ndipo ndiwonjezera masiku atatu oti ndiyendeko. Anthu akuti kumakhala kozizira, ndi zoona zimenezi m'chipululu? Nanga ndikaone chani osadya mpamba? — Mayi wa geni, Area 25, Lilongwe

Amayi mwasankha bwino kwambiri, January ndiye mwezi wake. Dubai ili kumpoto kwa equator ndiye nyengo zawo ndi zathu zimasemphana, ife tikamalimbana ndi mvula ndi makasu iwo ndiye akupuma mpweya wabwino, kuyambira cha mu November mpaka March. Mu July munapitamo muja kutentha kumadutsa madigiri 40, pomwe mu January masana kumakhala cha m'ma 24 usiku n'kutsika cha m'ma 15. Tingoti June wa ku Lilongwe, dzuwa lilipo koma silipweteka ndipo kukada umafuna kajuzi. Ndiye juzi imodzi tengani, jekete lolemera ayi mungodzaza nalo chikwama choti mulongedzemo katundu wa geni. Mvula imagwa mwa apo ndi apo miyezi yomweyi, komanso m'mawa wina kumachita nkhungu yoti ndege zimachedwa kutera, musadabwe nazo.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti masiku atatu amenewo mukhale panja. M'ma mall munakhalamo kale ndipo mall ndi chimodzimodzi chaka chonse, zoziziritsa mpweya zimangolira. Chomwe nyengo ino ikukupatsani ndi mwayi woyenda wapansi, ndipo zabwino zambiri zapanja ndi zaulere kapena zotchipa zedi.

Yambirani pafupi pomwe, poti ndikukhulupirira mugona ku Deira cha ku Naif kapena Baniyas komwe amalonda ambiri a kuno ku Africa amafikira. Mutsikire ku Creek, mtsinje wa madzi amchere womwe unadula tawuni yakale pakati, mukwere abra. Abra ndi bwato lamatabwa la injini, mumakhala pa benchi pakati anthu mbali zonse ndipo kuoloka kupita ku Bur Dubai ndi dirham imodzi yokha, mumpatsa woyendetsa m'manja. Mphindi zochepa chabe koma kunena zoona mumaona Dubai weniweni pamenepo, zombo zamatabwa zikulongedzedwa mafiriji, matayala, matumba a mpunga pa doko, anthu akunyamula katundu pamsana, inu ngati munthu wa geni muzimva kukoma kuposa kuona nyumba zagalasi. Mukaoloka muli kale pa msika wa nsalu, kenako muyende pang'ono kukafika ku Al Fahidi, dera lakale la tinjira topanikizana ndi nyumba zokhala ndi tinsanja pamwamba tomwe timakola mphepo n'kuitsitsira m'nyumba, ndi mmene anthu ankadziziziritsira magetsi asanabwere. Kulowa m'derali salipiritsa. Pobwerera mudutse ku Spice Souk ndi Gold Souk, misika ya zokometsera zakudya ndi ya golide, ndipo poti mumagulitsa mapafyumu funsani mashopu a oud ndi mafuta onunkhira kufupi komweko, mtengo woyamba kukuuzani musavomere, amayembekezera kuti munenerera. Mukatopa gulani tiyi wa karak pa kakafiteriya ka m'mbali mwa msewu, ndi tiyi wamkaka wothira cardamom, dirham imodzi kapena ziwiri.

Tsiku lina madzulo pitani ku Global Village. Malo amenewa amatsegula nyengo yozizira yokha, cha mu October mpaka cha mu April kapena May, nthawi yotentha amatseka. Ndi chimsika chachikulu chapanja, dziko lililonse kapena dera lili ndi khonde lake, Turkey, India, Yemen ndi uchi wawo, Iran ndi makapeti, Africa nayo ilipo, ndipo tikiti yolowera ndi cha m'ma dirham 30 basi. Lachiwiri amalisungira amayi ndi mabanja ndiye ngati muli nokha tsiku labwino ndi limenelo. Valani nsapato zofewa chifukwa kuyenda kwake si kwamasewera, ndipo juzi ija musaiwale, kumeneko kamphepo kamawomba.

Kumayambiriro kwa January ndi nthawinso ya Dubai Shopping Festival yomwe inayamba mu 1996, mashopu amatsitsa mitengo ndipo usiku kumakhala zophulitsa zamoto ndi ma drone m'mwamba zoonera ulere. Koma apa ndikuchenjezeni, sale ya mu mall si mtengo wa pikulitsa, katundu wa geni kaodeni komwe mumaoda kale ku Deira kapena ku Dragon Mart, ku mall mukangogula ka mphatso ka ana.

Zina mwachidule: ku Ras Al Khor kuli dambo la mbalame za flamingo zomwe zimachuluka miyezi imeneyi, kuonera ndi kwaulere. Akasupe ovina pansi pa Burj Khalifa, nyumba ija ya mamita 828, nawonso ndi aulere madzulo, kukwera pamwamba ndiye kodula ndipo ine sindingakukakamizeni. Gulani khadi la Nol mudzikwera metro, muli chipinda cha amayi ndi ana okhaokha, koma osadya kapena kumwa muli m'sitimamo, amalipiritsa faindi.

Akonzi, ndimagwira ntchito ku Joni ndipo ndasunga kandalama koti nditengere madam ndi ana awiri ku Dubai pa Khrisimasi, wina zaka 9 wina zaka 3. Ndimaona pa Facebook anthu ali pa ngamila m'chipululu, zimenezi n'zabwino kwa ana? Komanso akuti kuli malo a snow. — Bambo wa awiri, Johannesburg

Achimwene, choyamba ndi nkhani ya thumba. Sabata ya Khrisimasi ndi Nyuwere ndiyo yodula kuposa zonse ku Dubai, mahotela amakwera chifukwa azungu othawa chisanu kwawo amadzaza tawuni yonse. Ngati masiku a holide kuntchito ndi sukulu ya ana akulolani, pitani kumayambiriro kwa December kapena January itayamba kale, nyengo ndi yomweyo koma mtengo wa chipinda umasiyana. Powerengetsa kumbukirani kuti dirham inamangiriridwa ku dola, dola imodzi ndi ma dirham 3.67, sizisinthasintha.

Za m'chipululu zija amazitcha desert safari. Galimoto ya 4x4 imadzakutengani pa hotela masana, mukafika ku mchenga dalaivala amaphwetsako matayala kenako n'kuyamba kukwera ndi kutsetsereka m'mapiri a mchenga mwa liwiro, galimoto kupendekeka uku ndi uku. Wa zaka 9 asangalala kwambiri, koma wa zaka 3 ine ndikukana, khosi la mwana silinakhwime ndipo makampani ambiri salola n'komwe ana aang'ono chotere pa gawo limeneli, chimodzimodzi mayi woyembekezera kapena munthu wa vuto la msana. Musanalipire auzeni kuti mukufuna ulendo wopanda dune bashing, kutanthauza kukwera ndi kutsetsereka mu mchenga kuja, woti akufikitseni pa kampu molunjika, zimatheka ndithu. Ku kampu ndiye kuli ngamila zokwera pang'ono, henna ya madam, nyama yootcha ndi magule. Dzuwa limalowa msanga, isanakwane 6 koloko, ndipo mchenga susunga kutentha ndiye likangolowa kumazizira kuposa m'tawuni, anawo muwatengere majuzi, masokosi ndi zipewa. Ambiri amapita ndi kabudula poganiza kuti chipululu ndi moto nthawi zonse, pofika nthawi ya chakudya akunjenjemera.

Koma chomwe ndikufunitsitsa muwaonetse ana ndi mpikisano wa ngamila ku Al Marmoom, pa msewu wopita ku Al Ain. Umachitika nyengo yozizira, nthawi zambiri m'mamawa, ndipo kuonera ndi kwaulere. Kale pa ngamila ankakwezapo ana aang'ono ochokera m'maiko osauka, nkhanza zenizeni, boma linaletsa ndipo pano pamsana pa ngamila amamangirirapo karoboti kakang'ono kokhala ndi kachikwapu. Eni ngamila amathamanga ndi magalimoto m'mbali mwa bwalo limodzi ndi ziweto zawo, hutala ikulira, akulamula karoboti kaja ndi rimoti kwinaku akukuwira ngamila pa wailesi. Awa ndi masewera a eni dziko enieni osati zokonzera alendo, ndipo mwana wa zaka 9 sadzaiwala. Masiku a mpikisano amasintha ndiye funsani pa hotela musanabuke tekisi, ndi kunja kwa tawuni.

Miracle Garden nayo imatsegula miyezi yozizira yokha poti maluwa sangapirire dzuwa la July, inayamba mu 2013 ndipo muli chindege cha Emirates A380 chokutidwa ndi maluwa, madam akajambulitsa mpaka foni kudzaza. Ku nyanja pitani ku Kite Beach kapena magombe ena aulere a ku Jumeirah, madzi amakhala ozizirirako koma osambika, mbendera yofiira ikakwezedwa musalowe. Mukakhala ndi tsiku lapadera kuli Hatta, makilomita pafupifupi 130 kuchokera m'tawuni, ku mapiri a Hajar, komwe mumapalasa timabwato pa damu pakati pa mapiri amiyala.

Snow uja ali ku Ski Dubai mkati mwa Mall of the Emirates, anatsegula mu 2005 ndipo muli ma penguin. Ndi wopanga ndi makina, alipo chaka chonse ndipo tikiti ya anthu anayi ikupwetekani. Ngati ana akulirira snow apititseni, koma ndalama ikakhala yoti musankhe chimodzi ine ndingasankhe chipululu.

Ndikupita kukaona mchemwali wanga mu February, akuti mwina ikhala Ramadan. Ndiye kuti zonse zikhala zotseka? Nanga zovala? — Mtsikana wa ku Zomba

Ayi asisi, sizitseka. Ramadan imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, mu 2025 inayamba pa 1 March, ndiye zaka zino izigwera ndithu m'nyengo yozizira. Malesitanti ambiri masiku ano amatsegula masana, ma mall ndi malo oona alendo amagwira ntchito, kungoti maofesi amaweruka msanga ndipo tawuni imadzuka usiku. Inu mwaulemu musamadye, kumwa kapena kutafuna chingamu pa msewu masana pamaso pa anthu omwe akusala. Dzuwa likalowa amaombera mzinga m'malo angapo kudziwitsa kuti nthawi yomasula yakwana, ndipo chakudya chomasulira chomwe amati iftar muyesere ndithu limodzi ndi achemwali anuwo. Misewu imadzaza kwambiri nthawi imeneyi ikamayandikira ndiye musakonze ulendo wa tekisi cha m'ma 5 koloko.

Zovala musade nkhawa, diresi kapena thalauzi lofika m'mawondo ndi bulauzi yobisa mapewa zakwana, zosambira ndi za ku gombe basi. Chitenje chimodzi muike m'chikwama, chikuthandizani pofunda mutu mukafuna kulowa mu mzikiti wa Jumeirah womwe umalandira alendo omwe si Asilamu, kapena wa Sheikh Zayed ku Abu Dhabi, uko amafuna zovala zofika m'mapazi ndi manja aatali. Osajambula anthu osawapempha makamaka amayi, kumeneko ndi mlandu. Ndipo ngati mumamwa mankhwala opha ululu okhala ndi codeine kapena tramadol, amenewa amawalondera kwambiri pa eyapoti, tengani kalata ya dokotala ndipo mupemphe chilolezo pa intaneti ku unduna wawo wa zaumoyo musananyamuke.