Sitalaka za sitima ku Britain: anthu ali mbali iti, nanga malipiro akupemphawo ndi oyenera?

Mayi ena akwathu, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Manchester, anditumizira imelo iyi: "Ine ndimalandira £12.50 pa ola. Nthawi ya sitalaka za sitima ndinkawononga ndalama pa takisi kuti ndikafike ku shifiti, chonsecho ndimamva kuti oyendetsa sitimawo amalandira kuposa £60,000 pachaka. Kuntchito anzanga ena amati tiziwaikira kumbuyo, ena amati ndi dyera basi. Kodi anthu ambiri kuno ali mbali iti? Nanga munthu ungadziwe bwanji kuti zomwe akupemphazo n'zoyenera?"

Mayi, mkwiyo wanu ndi womveka. £12.50 pa ola, maola 37.5 pa sabata, ndi £24,375 pachaka msonkho usanadulidwe. Dalaivala wa sitima amalandira ndalama imeneyo kawiri ndi theka, mwina kuposa. Koma £60,000 ija ndi ya gulu limodzi lokha la anthu a njanji, ndipo chisokonezo chonse chimayambira pamenepo.

Anthu omwe ankanyanyala ntchito pakati pa 2022 ndi 2024 sanali a bungwe limodzi. ASLEF, yomwe inkatsogoleredwa ndi Mick Whelan, ndi ya madalaivala. RMT, ya Mick Lynch pa nthawiyo, muli makondakitala, ogulitsa matikiti, osesa m'sitima ndi m'masiteshoni, okonza njanji, ndi ma signaller, amene amalamula kuti sitima iti idutse ndipo iti iime. Palinso TSSA, ya a m'maofesi ndi makapitawo. Sitalaka yoyamba ija ya pa 21, 23 ndi 25 Juni 2022, yaikulu kuposa ina iliyonse ya panjanji chichokereni 1989, inali ya RMT: anthu pafupifupi 40,000 a ku Network Rail, kampani yosamalira njanji, ndi kumakampani 13 oyendetsa sitima. Ambiri mwa iwo sanagwirepo chiwongolero cha sitima.

Masiku amenewo nduna ya zamtengatenga, Grant Shapps, inkauza anthu kuti wogwira ntchito panjanji amalandira pafupifupi £44,000 pachaka, pomwe namwino amalandira pafupifupi £31,000. Nambalayo sinali yabodza, koma inali yophikidwa mwaluso: munali madalaivala, omwe panthawiyo ankalandira cha m'ma £59,000 ndipo sanali m'sitalaka ya RMT, koma munalibe osesa, omwe analimo. RMT inkati membala wake wapakatikati amalandira cha m'ma £33,000. Ndiye mukamva nambala pa wailesi, funso loyamba ndi lakuti awerengamo ndani ndipo asiyamo ndani.

Funso lachiwiri ndi lomwe ife akwathu sitifunika kuphunzitsidwa. Aliyense amene ali ndi m'bale wolandira malipiro ku Lilongwe kapena ku Blantyre akukumbukira zomwe zinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023: pa peyisilipi ndalama inali yomweyo, koma m'thumba la zogula munapepuka. Ku Britain mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 11.1 peresenti pa chaka pofika Okutobala 2022. Tengani munthu wa £30,000. Kuti agule zomwe ankagula chaka chathacho akufunika £33,330. Mukamukwezera ndi 5 peresenti afika pa £31,500. Nyuzipepala ilemba kuti wakwezeredwa malipiro, pamene iye waluza £1,830. Poyambirira RMT inkakamba za 7 peresenti, Network Rail inaika pa tebulo 2 peresenti, ndi 1 ina pamwamba ngati antchito avomera kusintha kagwiridwe ka ntchito. Zonse ziwiri zinali pansi pa kukwera kwa mitengo. Ankakangana za kukula kwa bala, osati za kulemera.

Muzisamalanso ndi muyezo womwe akugwiritsa ntchito. Pali miyezo iwiri ya kukwera kwa mitengo, CPI ndi RPI. RPI imawerengera ndalama zanyumba, monga chiwongoladzanja cha ngongole yogulira nyumba, ndipo nthawi zambiri imakhala pamwamba. Mwezi womwe CPI inali 11.1, RPI inadutsa 14. Mabungwe a antchito amatchula RPI, boma limatchula CPI, aliyense akukokera kwake.

Mapeto ake anali otere. A RMT a ku Network Rail anavomera mu Malichi 2023: 5 peresenti ya 2022 ndi 4 peresenti ya 2023, ndipo olandira zochepa anapindula kwambiri kuposa apamwamba. A RMT a kumakampani a sitima anavomera kumapeto kwa Novembala 2023, 5 peresenti yobwerera m'mbuyo. ASLEF inakoka mpaka Seputembala 2024, boma la chipani cha Labour litalowa: 5 peresenti, 4.75 ndi 4.5 pa zaka zitatu. Mukaziunjika, chifukwa iliyonse imakwera pamwamba pa inzake, ndi pafupifupi 14.9 peresenti, ndipo £60,000 imafika cha m'ma £69,000. Ndi ndalama zambiri. Komanso madalaivala ambiri anali asanakwezeredwe chichokereni 2019, ndipo kuchokera chaka chimenecho kufika 2024 mitengo inakwera kuposa 20 peresenti. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo amene akukuuzani chimodzi chokha ali ndi mbali yake.

Tsopano za maganizo a anthu. Sabata ya sitalaka yoyamba ija kunatuluka zotsatira za kafukufuku ziwiri zomwe zinkaoneka ngati zikutsutsana. YouGov inapeza kuti 37 peresenti akugwirizana ndi sitalakayo ndipo 45 akuitsutsa. Savanta ComRes inapeza kuti 58 peresenti akuti sitalakayo ili ndi zifukwa zomveka. Palibe ananama. Kufunsa munthu kuti "mukugwirizana nayo?" ndi kumufunsa kuti "kodi ali ndi chifukwa?" ndi mafunso awiri, makamaka ngati wofunsayo wayamba wafotokoza zomwe antchito akudandaula. Munthu angathe kuvomereza kuti kondakitala akulira zoona, koma n'kudana ndi tsiku lomwe wasowa chokwera. Inuyo, mayi, mwina mukanayankha ayi ku funso loyamba, inde ku lachiwiri.

Pali zinthu zingapo zomwe zinkaoneka mobwerezabwereza. Anamwino ndi a ambulansi ankaikiridwa kumbuyo kwambiri, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse, pamene pa nkhani ya njanji dziko linkagawikana pakati. Achinyamata ndi ovotera Labour ankakonda kuvomereza, okalamba ndi ovotera Conservative ankakonda kutsutsa. Ndipo madalaivala ankamveredwa chisoni pang'ono kuposa anzawo, chifukwa cha nambala yomwe yakupwetekani inuyi.

Koma onani zomwe zinachitika ndi maofesi ogulitsira matikiti. Mu Julayi 2023 makampani analengeza zotseka pafupifupi maofesi onse a matikiti ku England, omwe ndi pafupifupi 1,000. Anthu anatumiza mayankho okwana pafupifupi 750,000, ochuluka zedi okana, makamaka poganizira olumala, akhungu ndi okalamba omwe makina sawathandiza. Pa 31 Okutobala nduna Mark Harper inauza makampani kuti aisiye nkhaniyo. Anthu omwewo amene ankanyinyirika ndi sitalaka anaima ndi RMT nkhani itakhudza munthu wowathandiza pa siteshoni. Choncho anthu akuno alibe mbali imodzi: pa malipiro a dalaivala amakwinya nkhope, pa kuchotsa antchito pa siteshoni amakana.

Apa m'pamene pali funso lachitatu, lomwe mitu ya nkhani imalidumpha: ndalamazo akupatsidwa posinthana ndi chiyani? Zomwe zinkaikidwa pa tebulo zinkabwera ndi zingwe. RMT inkati ntchito 2,500 zokonza njanji zili pachiswe. Kumapeto kwa 2022 makampani anaika pa tebulo 4 peresenti pa chaka kwa zaka ziwiri, koma mkati munali zoti sitima zambiri ziziyenda ndi dalaivala yekha akutsegula ndi kutseka zitseko, popanda kudalira kondakitala, komanso zoti Lamulungu likhale tsiku wamba lantchito. M'makampani angapo Lamulungu silili m'sabata yantchito, sitima za tsikulo zimayenda chifukwa anthu adzipereka kugwira ovataimu. Makampani ambiri salembanso madalaivala okwanira, amadalira kuti omwe alipo azibwera pa masiku awo opuma. N'chifukwa chake ASLEF ikangolengeza kuti mamembala asagwire ovataimu, sitima zimayamba kuimitsidwa popanda ndi mmodzi yemwe wonyanyala. Madalaivala anakana 4 peresenti pa chaka kwa zaka ziwiri mu Epulo 2023 makamaka chifukwa cha zingwezi, ndipo zomwe anavomera mu 2024 zinalibe zingwe. Otsutsa boma la Labour amaloza pomwepo, kuti linalipira osapeza kanthu, ndipo pa mfundo imeneyi ali ndi poimira.

Nanga ndani ankagwira chikwama? Kuyambira Malichi 2020, Covid itathawitsa okwera, boma linatenga chiopsezo chonse: ndalama za matikiti zinkapita ku boma, makampani ankalipidwa ndalama yoyendetsera sitima. Kampani sinkatha kukweza malipiro popanda chilolezo cha unduna, ndipo pa tsiku la sitalaka woluza ndalama za matikiti anali wokhoma msonkho, osati kampani. Pa sitalaka wamba bwana amathamangira kukambirana chifukwa thumba lake likudontha. Pano thumba lodontha linali la wina. Mu Januwale 2023 nduna yoona za njanji, Huw Merriman, inavomereza pamaso pa komiti ya aphungu kuti sitalakazo zinali zitawonongetsa dziko ndalama zoposa £1 biliyoni, kuposa zomwe zikanafunika kuthetsa mkanganowo, koma boma linkaopa kuti likagonja panjanji aphunzitsi ndi anamwino abwera ndi mbale zawo. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo ndalama zanu za takisi zija zinapita pa nkhondo imeneyi.

Musaganizenso kuti anthu amangodzuka n'kunyanyala. Malamulo a nthawi imeneyo ankafuna kuti bungwe lichititse voti yachinsinsi ya pa positi, yoyang'aniridwa ndi munthu wapadera. Theka la mamembala okhudzidwa linkayenera kuvota, ndipo pa ntchito zofunikira ngati njanji, ovomereza ankayenera kukwana 40 peresenti ya onse oyenera kuvota, osati ya ovota okha. Pa anthu 1,000, akavota 500, "inde" azikhala 400. Bwana ankapatsidwa chidziwitso cha masiku 14, ndipo chilolezocho chinkatha pakapita miyezi 6, kenako voti ina. Kulakwitsa mndandanda wa mamembala kapena malo awo antchito kunkakwanira kuti khoti liimitse sitalaka yonse. Boma la Labour lafewetsa ena mwa malamulowa. Tsiku lonyanyala munthu salipidwa: wa £33,000 amataya pafupifupi £127 pa tsiku, ndipo ena ananyanyala masiku ochuluka ndithu.

Dalaivala amalandira zambiri chotere osati chifukwa wina anayeza n'kupeza kuti ntchito yake ndi yofunika kuposa kusambitsa agogo odwala matenda oiwalaiwala. Kumuphunzitsa kumatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo amaloledwa kuyendetsa mtundu wa sitima womwe anauphunzira, pa njira yomwe anailoweza, siginolo iliyonse ndi malo aliwonse ochepetsera liwiro. Simungatenge wa ku Leeds n'kumuika pa njira ya ku Brighton mawa. Njanji zitagulitsidwa kumakampani m'zaka za m'ma 1990, makampaniwo ankaona kuti kulanda dalaivala wophunzira kale kwa mnzawo n'kotchipa kuposa kuphunzitsa watsopano, malipiro n'kumakwera. Onjezerani kuti pafupifupi onse ali m'bungwe limodzi. Chimodzimodzi ma signaller: atanyanyala, pafupifupi theka la njanji linatsekedwa, sitima imodzi mwa zisanu zilizonse ndi yomwe inkayenda, kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 6:30 madzulo basi. Ku ntchito yanu mabwana ndi masauzande, ang'onoang'ono, ndalama zambiri zimachokera kumakhonsolo omwe ali pa ulimbo, m'mabungwe muli anthu ochepa, ndipo ambiri ali pa viza yomangirira kwa bwana mmodzi.

Chigamulo changa ndi ichi. Osesa, makondakitala, a matikiti ndi okonza njanji anali ndi mlandu wolimba, ndipo ambiri anamaliza atatsalirabe m'mbuyo mwa mitengo. Madalaivala sankapempha kulemera, ankateteza zomwe anali nazo kale, koma simukukakamizidwa kuwamvera chisoni, ndipo nkhani ya Lamulungu ndi ovataimu ikufunikadi kukonzedwa. Chomwe sindivomereza ndi choti dalaivala akanalandira zochepa, inu mukanalandira zambiri. Ndalama zimenezo sizikanadutsa pakhomo panu.

Ngakhale mutakhala pa viza ya ntchito, mukuloledwa kulowa bungwe la antchito. UNISON, GMB ndi Unite onse amalandira osamalira okalamba, ndipo masiku omwe munthu wajomba chifukwa chochita nawo sitalaka yovomerezeka sawerengedwa pa malire a masabata anayi osalipidwa omwe a Home Office, unduna woona za maviza, amaika kwa ogwira ntchito pa viza. Ikadzabwera sitalaka ina ya sitima, masiku ake amadziwika pasadakhale, ndiye pemphani kusinthana shifiti nthawi ikadalipo, ndipo muziyang'ananso tsiku lotsatira, chifukwa sitima zam'mawa zimayamba mochedwa. Sitima yanu ikaimitsidwa ndipo simunayende, komwe munagula tikiti akubwezereni ndalama yonse popanda kudula kanthu. Mukayenda koma n'kufika mochedwa, lembani Delay Repay, pempho la chipepeso cha kuchedwa, ku kampani yomwe yakuchedwetsani pasanathe masiku 28: m'makampani ambiri mphindi 15 mpaka 29 ndi gawo limodzi mwa anayi a tikiti ya ulendo umodzi, 30 mpaka 59 ndi theka, ola ndi yonse. Wa tikiti ya mwezi kapena ya chaka amafunsanso njira yomweyo pa tsiku lililonse la sitalaka lomwe walephera kuyenda. Kuchedwa amakuyeza ndi ndandanda yomwe yalengezedwa ya tsikulo, osati ya masiku onse, choncho jambulani tikiti ndi ndandandayo musananyamuke. Za takisi kawirikawiri sabweza.