Kwa asisi amene afunsa za kukaphunzitsa Chingerezi kunja

Asisi, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi digiri ya uphunzitsi ya ku yunivesite ya UNZA, mwaphunzitsa Chingerezi zaka zitatu pa sukulu ina ya pulayiveti ku Chelston mu Lusaka, koma malipiro akungothera lendi ndi minibasi. Ndiye kwapezeka ajenti amene akuti mumupatse K20,000 akupezereni ntchito ku China, mulowe kaye ndi viza ya alendo, mapepala enawo akakonza muli komweko. Mukufuna kudziwa ngati mulipire, komanso dziko loyenera kuyambira. Ine ndinaphunzitsapo ku Thailand, choncho ndiyankha malinga ndi zimene ndinaona.

Ndalamayo musapereke. Ajenti woona amalipidwa ndi sukulu imene ikufuna mphunzitsi, osati ndi mphunzitsiyo. Ku China wopita kukagwira ntchito amalowa ndi viza yotchedwa Z, ndipo imeneyi imatuluka pokhapokha sukulu itakutumizirani kale kalata ya chilolezo yochokera ku boma lawo. Akakupezani m'kalasi muli ndi viza ya alendo, wotsekeredwa ndinu, wolipira chindapusa ndinu, wobwezedwa kuno ndinunso, ajenti uja ali phee m'tauni muno foni atazimitsa. Komanso zinthu kumeneko zinasintha mu 2021, boma litaletsa makampani kuchita bizinesi yophunzitsa ana maphunziro a kusukulu akaweruka. Malo ambiri amene ankalemba anthu akunja osafunsa zambiri anatsekedwa nthawi imeneyo. Ajenti amene akukamba za China ngati kuti tidakali mu 2018 ndi wofunika kumukayikira.

Pa ntchito imeneyi amayamba kuyang'ana pasipoti, Chingerezi chanu chimabwera pambuyo. South Korea ndiye amachita kunena poyera. Viza yawo ya aphunzitsi a chilankhulo, ya E-2, pa Chingerezi imaperekedwa kwa nzika za maiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Ndiye kuti wa ku Johannesburg akhoza kupita, inu ayi, ngakhale mutamuposa kulankhula ndi kulemba komwe. Zimawawa, poti kuno ku Zambia Chingerezi ndi chilankhulo cha boma chilandirire ufulu mu 1964, ndipo mayeso athu onse timalemba m'Chingerezi chomwecho. Koma kukangana ndi lamulo la eni n'kutaya nthawi ndi bando. Musanatumize kalata yofunsira ntchito kulikonse, yambani mwawerenga zimene viza ya dzikolo imafuna.

Japan ndi yosiyana pang'ono. Pa viza ya mphunzitsi wa m'sukulu amafuna digiri, komanso umboni woti munaphunzira m'chilankhulo chimene mukufuna kuphunzitsacho kwa zaka 12 kapena kuposa. Pamenepa ife tili ndi mpata. Pitani ku sukulu zanu zakale, ya pulayimale ndi ya sekondale, aheadi akulembereni makalata onena kuti maphunziro ankachitika m'Chingerezi, pakhale chidindo. Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Epulo. Vuto ndi ndalama zoyambira: nyumba amafuna mulipiriretu zambiri, pamene malipiro oyamba amachedwa kubwera.

Ku Thailand ndiko ndingakambe zambiri. Amalandira anthu a pasipoti ngati yathu, koma amakuikani m'gulu la amene Chingerezi si chilankhulo chobadwa nacho, choncho amafuna mayeso a Chingerezi. Ofala ndi a TOEIC, ndipo amafuna mapointi 600 kupita m'mwamba, zimene kwa inu si nkhani. Viza yake ndi Non-B, kenako chiphaso chogwirira ntchito, ndi chilolezo chochokera ku bungwe lawo la aphunzitsi lotchedwa Khurusapha. Mukakhazikika, masiku 90 aliwonse mumadziwitsa a imigireshoni kumene mukukhala. Sukulu zimatsegulira mu Meyi, temu yachiwiri cha mu Novembala, ndiye kulemba anthu kumachuluka mu Malichi, Epulo ndi Okutobala. Werengani kontirakiti mofatsa pa nkhani ya tchuthi. Makampani ena amene amatumiza aphunzitsi m'sukulu za boma amalipira miyezi yophunzitsa yokha, Epulo n'kudutsa opanda kanthu, lendi ikudikira, kunja kukutentha ngati ku Luangwa mu Okutobala.

Za khungu ndisakubisireni. Pofunsira ntchito amafuna chithunzi, ndipo sukulu zina zikachiona zimangoti zii. Makolo ena amakhulupirira kuti Chingerezi chenicheni chili mwa mzungu, ndipo sukulu zimatsata makolo poti ndiwo olipira. Mudzapeza mzungu wopanda maphunziro a uphunzitsi akulandira zambiri kuposa inu pa ntchito imodzimodzi. Mudzapikisananso ndi aphunzitsi a ku Philippines, omwe ndi ambiri, odziwa ntchito, ndipo amavomera malipiro otsika. Bangkok imakopa aliyense, koma ine ndingakuuzeni kuti muyang'ane matauni a kumpoto chakum'mawa monga Khon Kaen ndi Udon Thani. Nyumba n'zotsika mtengo, sukulu zimasowa aphunzitsi, ndipo zikaona kuti mumagwira ntchito zimakusungani. Poyamba ana adzafuna kukugwirani tsitsi, m'msika anthu adzakuyang'anani mpaka kutembenuka, koma zimatha. Chinthu chimodzi chosachita nacho masewera ndi banja lachifumu. Lamulo lawo limapereka zaka 3 mpaka 15 za ukaidi kwa wonyoza mfumu, ndipo zolemba pa Facebook zimawerengedwa.

Ntchito yakenso si imene mukuidziwa ku Chelston. Kuno mumaphunzitsa ana amene amamva Chingerezi pa wailesi, kutchalitchi ndi m'mashopu, ndipo mwana akasokonezeka mumangoponyapo Chinyanja n'kupitiriza. Uko mudzaima pamaso pa ana 40 amene sadziwa kuyankha ngakhale mutawafunsa dzina, ndipo palibe chilankhulo chimene mumamvana nawo. Kuchuluka kwa ana sikungakuopseni, mphunzitsi wa mu Lusaka anazolowera. Chovuta ndi kufotokoza popanda kumasulira, kulankhula pang'ono kuti iwo alankhule kwambiri, ndi kuletsa phokoso popanda kukalipa, chifukwa kumeneko mphunzitsi wokalipa pagulu ndi amene amachita manyazi, osati mwana. N'chifukwa chake satifiketi ya TEFL, ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina, ndi yofunika, koma isakhale ija ya pa intaneti yomaliza Loweruka limodzi. Yolemekezeka kulikonse ndi CELTA ya Cambridge: maola 120, kuphatikizapo maola 6 ophunzitsa anthu enieni wina akukuyesani. Imachitika ku Johannesburg ndi ku Cape Town kwa milungu 4, ndipo pali malo ena amene amaipereka pa intaneti. Ndi yodula, inde. Koma ngati muli ndi ndalama zoti mupatse ajenti, kuli bwino zikhale poyambira kusungira imeneyi.

Chenjerani ndi zotsatsa za pa WhatsApp zofuna anthu odziwa Chingerezi ku Thailand kapena ku Cambodia, tikiti yaulere, malipiro a madola, osafunsa n'komwe za digiri. Anthu ambiri a muno mu Africa anatengedwa motero. Amatsika ndege ku Bangkok, galimoto n'kuwatenga mpaka ku Mae Sot, n'kuwaolotsa mtsinje kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, komwe amatsekeredwa m'mipanda n'kumawakakamiza kubera anthu pa intaneti. Mu 2025 anthu masauzande anatulutsidwa m'malo amenewa, pakati pawo a ku Ethiopia ndi ku Kenya. Sukulu yoona imakhala ndi dzina, malo odziwika ndi aheadi oti mungalankhule nawo.

Tsono maganizo anga enieni ndi awa, asisi. Inu si munthu wongolankhula Chingerezi, ndinu mphunzitsi wophunzitsidwa, ndipo msika umene umalemekeza zimenezo ndi wa sukulu zotsata silabasi yapadziko lonse ya Cambridge kapena ya IB (International Baccalaureate). Kumeneko amafunsa digiri ya uphunzitsi, laisensi ndi zaka zimene mwaphunzitsa silabasiyo. Onetsetsani kuti satifiketi yanu ya ku Teaching Council of Zambia ili bwino, ndipo limbikani kulowa pa sukulu ya muno mu Lusaka yophunzitsa IGCSE, silabasi ya Cambridge ya ku sekondale, ngakhale yaing'ono. Mukakhala pamenepo zaka 2, makomo a ku Dubai, Doha ndi Muscat amayamba kutseguka, ndipo kumeneko sukulu zambiri zimapereka nyumba kapena ndalama ya lendi, inshuwalansi ya chipatala ndi tikiti yobwerera kwanu. Ulendo wakenso ndi wapafupi, poti ndege za ku Dubai ndi ku Doha zimatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda pompa. Njira imeneyi ndi yochedwa, koma ndi imene ndaona ikumangitsa anthu nyumba.

Musanyozenso maiko oyandikana nafe. Akuluakulu athu ambiri anakaphunzitsa ku Botswana m'zaka za m'ma 1990 n'kubwerako ndi kanthu. Rwanda inasintha kuchoka ku Chifalansa kupita ku Chingerezi m'sukulu mu 2008, ndipo mu 2022 inalandira aphunzitsi ochokera ku Zimbabwe pa mgwirizano wa maboma awiriwo. Ku Mozambique chilankhulo cha boma ndi Chipwitikizi ndipo ofuna Chingerezi alipo. Ku Tete mumsika mudzagula ndiwo m'Chinyanja, ufa ulipo, ndipo kukagwa maliro kwanu mumakwera basi. Amene ali ku Asia mwayi umenewu saudziwa: amaonera mwambo pa foni pakati pa usiku.

Mapepala yambani lero, chifukwa ndiwo amachedwetsa. Digiri ndi zotsatira za mayeso zitsimikiziridwe ku ZAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, zidindidwe ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja, ndipo maiko ambiri amafunanso chidindo cha ofesi ya kazembe wawo. Mayeso a Chingerezi a IELTS mukhoza kulemba kudzera ku British Council muno mu Lusaka, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2. Kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu mutenge komalizira, chifukwa ikapitirira miyezi 6 ambiri saivomera. Ponyamuka mukhale ndi ndalama zokwanira miyezi iwiri ndi tikiti yobwerera, ndipo achibale muwauziretu kuti miyezi yoyambirira simudzatumiza kanthu. Pasipoti musasiyire bwana aliyense, kaya anene kuti akungokusungirani.

Ajenti wanuyo mufunseni dzina la sukulu, mzinda umene ili, kontirakiti yolembedwa, ndi nambala ya mphunzitsi wakunja amene ali pa sukulupo panopa kuti mulankhule naye pa vidiyo. Zimene ayankhe mudzatiuze, tiziunike limodzi.