Chofunda cha agogo musathamange nacho kumadzi

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati agogo anakusiyirani chofunda cha zigamba chimene anasoka pamanja ali mtsikana, chakhala zaka zambiri m'sutikesi moti chikumveka fungo, ndiye mukufuna kuchichapa kenako kuchipachika pabalaza kuti ana azichiona. Ndaona ena akuuzani kale kuti muchiviike usiku wonse m'madzi a sopo. Chonde dikirani kaye.

Ulusi wa thonje ukakalamba umafooka, ngakhale nsaluyo ikamaoneka yabwinobwino m'maso. Chofunda chikanyowa chimalemera kwambiri, ndipo mukangochinyamula m'beseni, kulemera komweko kumadula misoko imene yapirira zaka zonsezi. Palinso nkhani ya utoto. Tengani kansalu koyera, kanyowetseni pang'ono ndi madzi ozizira, mukakanikize pa chigamba cha mtundu uliwonse, makamaka zofiira ndi zabuluu. Kakatuluka ndi utoto ngakhale pang'ono, madzi asayandikire chofundacho, chifukwa kufiira kukalowerera m'zigamba zoyera sikuchokanso. Muyang'anitsitsenso zigamba zakuda ndi zabulawuni. Utoto wakale wa mitundu imeneyi ankaugwiritsa pansalu ndi mankhwala okhala ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chimadya ulusi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake m'zofunda zakale mumapeza timaluwa takuda tokhatokha titabooka pamene nsalu yozungulira ili yolimba. Ngati muli zigamba za silika, samalani koposa. Silika wambiri wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ankamuwonjezera mankhwala a tini kuti alemere, ndipo lero amathetheka yekha ngati tsamba louma.

Fungo lokhalo silifuna madzi. Yalani chofundacho pabedi m'chipinda chopita mphepo, makatani ali otseka, kwa masiku angapo, mukumachitembenuza. Musachikung'unthe kapena kuchiyanika pachingwe. Fumbi lichotseni ndi makina okoka fumbi, mutachepetsa mphamvu yake, mutayala kaneti pamwamba kuti makinawo asameze ulusi womasuka. Madontho achikasu akalekale aleke. Sakupweteka chilichonse, pamene kulimbana nawo ndi mankhwala oyeretsera kungawononge nsalu. Kwa ochapa zovala ndi mankhwala musapite nachonso. Ngati litsiro lachulukadi, utoto sukuchucha ndipo nsalu ndi ya thonje yolimba, yalani shiti pansi m'bafa, madzi akhale ozizira, sopo wofewa pang'ono chabe, muzikanikiza ndi zikhatho osafikisa kapena kufinya. Mutsukuluze kangapo, muchinyamule awiri mutagwira shitiyo, muchiumitse chitayalidwa pamthunzi.

Za kupachika ndiye zimene zandikhudza, chifukwa ine ndinalakwitsa pamenepa ndipo mtima umandiwawabe. Chofunda cha agogo anga ndinachipachika pakhoma loyang'anana ndi zenera, ndi timisomali tinayi, zaka ziwiri zathunthu. Ndinkachiona tsiku lililonse ndiye sindinazindikire kusintha. Tsiku limene ndinachitsitsa, ndinatambasula m'mphepete mwake mmene ndinapindira kumbuyo. Mkati mwa mpindowo zigamba zinali zofiira psuu monga agogo anazisiyira, koma kutsogolo zinali zitasuluka n'kukhala mbuu. Pa msomali uliwonse panali kadontho ka dzimbiri, ndipo nsalu inali itakokeka n'kutseguka kabowo kolowa nsonga ya chala. Kusuluka sikubwerera. Kuwala kumawononga pang'onopang'ono mowonjezerana, kaya n'kwa dzuwa kaya n'kwa magetsi. M'nyumba zosungira zinthu zakale, nsalu amaziika powala pafupifupi malaki 50 okha (laki ndi muyeso wa kuwala), komwe n'kuwala kwa chizimezime, ndipo akaionetsa kwa miyezi ingapo amaichotsa kuti ikapume mumdima.

Sindikuti musachionetse ayi, chinthu chotere sichiyenera kukhala chobisika. Sankhani khoma losafika dzuwa, kutali ndi utsi, nthunzi ya kukhitchini ndi malo a chinyezi. Sokani kathumba kakatali ka nsalu ya thonje kumbuyo kwake, m'mphepete mwa kumtunda kuchokera uku mpaka uko. Musoke pamanja, osati pamakina, singano izidutsa pakati pa ulusi osaudula. M'kathumbamo mulowetse ndodo yosalala yopakidwa vanishi, ndiye kulemera kudzagawikana m'lifupi monse. Misomali, mapini ndi zopanira zisakhudze nsalu. Chikhale pakhoma miyezi itatu, ikachuluka isanu ndi umodzi, kenako chitsike. Koma ngati misoko yayamba kale kumasuka, musachipachike n'komwe. Chiyaleni pabedi losagonapo munthu, muphimbe ndi shiti, muzivundukula abale akabwera. Kwa ine malo abwino kuposa onse ndi amenewa, chifukwa palibe mpindo ndipo palibe chokoka.

Posunga, pulasitiki ayi: amatsekera chinyezi ndipo chuku chimamera. Bokosi la matabwa kapena katoni wamba amatulutsa asidi amene amasiya mizere yabulawuni pansalu, choncho chikulungeni m'shiti ya thonje yochapidwa bwino, yopanda sitachi, chisakhudzane ndi thabwa. Mizere ya mipindo ndi imene imayamba kung'ambika, ndiye m'mipindomo muziikamo nsalu yofewa yokulunga kuti isathyoke mwakuthwa, ndipo pakapita miyezi ingapo muzichipinda mwanjira ina, osatsata mizere yakale. Malo akhale ouma ndi ozizirirapo, chinyezi cha pafupifupi 50 peresenti, osati kudenga kotentha kapena pansi pa simenti. Ngati muli ubweya kapena silika, njenjete zimakonda zimenezo. Mukaona timabowo tatsopano kapena tinthu tonga mchenga m'mipindo, chikulungeni, muchitsekere bwinobwino m'thumba la pulasitiki, chikhale mufiriza wozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata imodzi, ndipo musatsegule thumbalo mpaka chitasiya kuzizira. Apa pokha ndi pamene pulasitiki amaloledwa. Timibulu tonunkha tothamangitsa njenjete ine sindikulimbikitsani, mpweya wake si wabwino kwa anthu a m'nyumba.

Chigamba chong'ambika musachichotse n'kuikapo chatsopano. Phimbani ndi kaneti kopyapyala ka mtundu wofanana, musoke m'mbali mwake mofatsa. Mmene agogo anasokera, ngakhale pamene singano inakhota, pakhale pomwepo.

Ndipo sabata ino isanathe, tengani kansalu koyera ka thonje, mulembepo ndi inki yosafufutika dzina lonse la agogo, chaka chimene anabadwa, nthawi imene anasoka ngati ikudziwika, ndi dzina lanu. Inki ikauma mukasokerere kumbuyo pakona. Jambulani chofundacho kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati alipo azakhali kapena amalume amene anaona agogo akusoka, pitani nazo zithunzizo muwafunse kuti chigamba ichi chinachokera ku diresi la ndani, icho ku malaya a ndani, muzilemba akamayankha. Ine ndinachedwa kufunsa. Pakati penipeni pa changa pali kachigamba ka timadontho tobiriwira, kamodzi kokha kosiyana ndi zina zonse, ndipo amene akanandiuza mwiniwake anatisiya kale.