Musanaitanitse ma nock ku Joni, yezani kaye muvi ndi chingwe

Aphunzitsi a ku Ngabu, funso lanu ndinaliona usiku koma magetsi anali atathima ndipo foni inali pafupi kuzima, ndiye ndikuyankha m'mawa uno. Mwati achimwene anu anakubweretserani mauta awiri a recurve (aja nsonga zake zimapindikira kutsogolo) ndi mivi 12 ya carbon kuchokera ku Johannesburg, ana a kalabu yanu akhala akulasa chandamale kuseri kwa sukulu, ndipo timphanda ta pulasitiki ta kumbuyo kwa muvi, tomwe timagwira chingwe, timene amati ma nock, tasweka pa mivi isanu. Mukufuna kudziwa ma nock oti muwauze agule pobwera pa Khirisimasi.

Musawauze kanthu kaye. Mukangoti "mundigulireko ma nock", adzalowa m'sitolo, wogulitsa adzawafunsa saizi, iwo adzaloza omwe akuoneka okongola, ndipo katunduyo adzayenda ulendo wonse wodutsa ku Mwanza, kutsika Thabwa mpaka ku Ngabu, n'kukakana kulowa m'muvi. Zinandichitikira ine kuno ku Nchalo. Paketi yake ndikadali nayo m'kabati, sindinalasirepo n'kamodzi komwe.

Nock iyenera kugwirizana ndi zinthu ziwiri: muvi kutsogolo kwake, chingwe kumbuyo kwake. Ambiri amangoganiza za muvi.

Tiyambe ndi muviwo. Mivi ya carbon ndi yamphako, ndipo nock yake imalowa m'kati mwa mphakomo mochita kukankha, popanda guluu. Choti mudziwe ndi kukula kwa bowo la m'kati, osati kunenepa kwa muvi kunja. Saizi zake amazilemba mu mainchi. Yofala kwambiri, makamaka pa mivi yotsika mtengo, ndi .244 mpaka .246, yomwe ndi mamilimita 6.2. Palinso .204, pafupifupi mamilimita 5.2, ndi .166, pafupifupi mamilimita 4.2, ya mivi yowonda ija amalasira kutali. A kampani ya Easton amazitchula ndi zilembo: S ndi ya .244, X ndi ya .204, G ndi ya .166, ndipo pakati pali H ya .234. A Gold Tip yawo yofala ndi GT, ya .246. Kusiyana kwa S ndi GT n'kochepa moti diso silingaone, komabe ina imatha kukhwepa m'muvi wa kampani inayo.

Chenjerani ndi nambala yayikulu yolembedwa pa muvi, monga 500, 600 kapena 700. Imeneyo si saizi ya nock. Ikunena za kuuma kwa muvi, momwe umapindikira ukachoka pa uta. Fufuzani pomwe alemba ID, kutanthauza kukula kwa bowo la m'kati, ndi nambala. Ngati palibe, zulani nock imodzi yabwinobwino, mupite nayo pamodzi ndi muviwo kwa amakaniko kapena owotcherera zitsulo pa Ngabu pomwepo, muwapemphe ayeze bowolo ndi kachipangizo kawo koyezera kotchedwa vernier caliper. Kenako jambulani muvi wonse, zolembedwa zake ndi nock yozulayo, mutumize pa WhatsApp kuti achimwenewo akaonetse m'sitolo. Pozula onetsetsaninso ngati kumapeto kwa muvi kuli kachitsulo kosongoka komwe nock yavalapo ngati chipewa. Ngati kalipo, zanu ndi pin nock, ndipo zolowa m'kati zija sizikukukhudzani.

Tsopano chingwe, pomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ngozi imachokera. Pakati pa chingwe cha uta pamakhala ulusi wokulungidwa, umene amati serving, ndipo kamphanda kamaluma pamenepo. Kukamwa kwa nock kumabwera kwamitundu iwiri yodziwika: small groove, ya .088, ndi large groove, ya .098. Mu mamilimita ndi 2.2 ndi 2.5. A kampani ya Beiter amangoti nambala 1 ndi nambala 2. Mauta ofewa a ana nthawi zambiri amakhala ndi chingwe chowonda, ndiye yaying'onoyo ndi yomwe imakonda kukwanira, koma musandikhulupirire ine, khulupirirani chingwe chanucho. Yesani chonchi: mangani chingwe pa uta, lowetsani muvi pa chingwe, mumve ka "tha" kochepa. Tembenuzani uta kuti muvi uloze pansi. Uyenera kulendewera osagwa. Ndiye menyani chingwecho ndi chala pafupi ndi nock, mwamphamvu pang'ono. Muvi ugwe. Ukagwa musanamenye, nock yakhwepa. Ukakakamira ngakhale mwamenya kawiri katatu, yathina.

Yothina imasokoneza muvi pochoka, umapita uku ukugwedeza mchira, ndipo imadya serving msanga. Izo n'zopirika. Yokhwepa ndiye yoopsa. Mwana akakoka uta, muvi umatha kupulumuka pa chingwe iye osaona, n'kusiya chingwe chopanda kanthu. Mphamvu yonse yomwe ikanapita ndi muvi imabwerera mu uta. Nock yang'alu imachitanso chimodzimodzi: khutu limodzi limathyoka pa nthawi yosiya chingwe. Ine uta wanga woyamba unatha choncho. Ndinamva ngati mfuti, chingwe chinandikwapula pamkono mpaka kutupa sabata yathunthu, ndipo nthambi ya m'mwamba ya uta inang'aluka. Ndinali nditaona kamzere koyera pa nock imeneyo dzulo lake, n'kunena kuti ipirira. Pamenepo ndiye mivi isanu yoswekayo muichotse m'manja mwa ana lero lomwe, ndipo isanu ndi iwiri yotsalayo muiyang'ane umodziumodzi padzuwa. Finyani makutu a nock ndi zala pang'ono. Mukaona kamzere, kapena khutu limodzi latseguka kuposa linzake, zulani mutaye. Yang'ananinso kumapeto kwa carbon kumene nock inasweka, chifukwa muvi ukamenyedwa ndi unzake kumbuyo nawonso umang'aluka, ndipo wotero suvekedwanso nock yatsopano.

Anthu ena amaluma nock ndi mano kuti ithine, kapena kuiviika m'madzi otentha kuti itseguke. Musatero, pulasitikiyo imafooka. Ngati nock zonse zikukhwepa pang'ono pa chingwe, konzani chingwecho: kulungani ulusi wopyapyala pamalo pomwe nock imakhala, mizere yogundana bwino, mpaka iyambe kugwira. Ngati ikukhwepa m'kati mwa muvi, dulani kachidutswa ka jumbo yopyapyala, kayaleni pabowo, mukankhire nock limodzi nako, n'kudula zotsalira. Super glue ayi. Mudzafuna kuitembenuza kuti igwirizane ndi nthenga, ndipo tsiku lozula mudzaononga muvi. Pa recurve, nthenga ya mtundu wosiyana ija imaloza kunja, kutali ndi uta.

Chinthu china chomwe wogulitsa wa ku Joni sangakuuzeni ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa. Mu Okutobala ndi Novembala timadutsa madigiri 40, ndipo m'chipinda cha malata chotseka kapena m'galimoto yoima padzuwa kumaposa pamenepo. Pulasitiki ikapsa ndi dzuwa tsiku ndi tsiku imauma n'kuyamba kuthyoka ngati bisiketi. Ndikukayikira kuti zanuzo zinatha motero, ngati mivi imagona pawindo la ofesi kapena imasiyidwa pabwalo nthawi yopuma. Isungeni pansi, pamthunzi, m'thumba lansalu. Musapukutenso nock ndi petulo kapena thinner.

Kunena zoti agule, ine ndikanati ma nock wamba olowa m'kati, a saizi yomwe mwayezayo, a kampani imodzi, osachepera 36. Ndi totchipa ndipo sitilemera m'chikwama, pomwe achimwenewo sabwera mwezi uliwonse. Musinthe mivi yonse nthawi imodzi kuti ifanane, chifukwa kusakaniza ma nock opangidwa mosiyana kumachititsa kuti wina ugwere m'mwamba wina m'munsi, mwana n'kumadziimba mlandu pachabe. Mitundu ikhale yowala, yobiriwira moonekera kapena ya olenji, ndipo iwiri yosiyana ingathandize kuti ana awiri olasa chandamale chimodzi asakangane. Yakuda mudzaisaka mpaka dzuwa kulowa muvi ukalowa m'maudzu. Zoyaka magetsi zija zisiyeni. N'zodula, zimalemeretsa muvi kumbuyo, ndipo malamulo a World Archery, bungwe loyang'anira masewera a uta padziko lonse, sazilola pa mpikisano wolasa chandamale. Pin nock nazo n'zabwino kwa akatswiri omwe mivi yawo imagundana pakati pa chandamale pa mamita 70, chifukwa kachitsulo kaja kamateteza muvi, koma ana olasa pa mamita 10 kapena 18 sanafikepo.

Wina m'gulu muno anafunsa ngati ma nock omwewa angalowe pa mivi yamtengo. Ayi, yamtengo ili ndi yakeyake yovala kunja, yomata ndi guluu pa nsonga yosongoledwa, ndipo saizi zake ndi monga 5/16 ndi 11/32 ya inchi.

Podikira Disembala, kalabu isaime. Agogo anga ankapanga mivi ya bango lochokera m'madambo a Shire, ndipo nock yake inali bango lomwelo. Ankadula bango louma bwino kuti mfundo ikhale pafupi ndi kumapeto, n'kusema kamphanda kuseri kwa mfundoyo, chifukwa mfundo ndi yomwe imaletsa chingwe kung'amba bango. Bango likakhala lofewa ankalowetsamo kamtengo kolimba, monga tsanya, n'kusema kamphandako pa kamtengoko. Kenako ankakulunga molimba patsogolo pa kamphanda. Iwo ankagwiritsa ntchito mtsempha wa nyama, ine ndimatenga ulusi wosokera ukonde n'kupakapo guluu. Mivi yotereyi ndi ya mauta ofewa opanga tokha, ansungwi kapena amtengo, omwe ana angaphunzirirepo kaimidwe ndi kasiyidwe ka chingwe. Musaiike pa recurve yolimba, ndipo pa compound, uta uja wa timawilo kumapeto, musayerekeze n'komwe, bango lingathyokere m'dzanja la mwana.

Ndipo muwauze anawo kuti mivi ndi ya chandamale basi. Lengwe ili pafupi, ndipo kupezeka ndi uta m'mphepete mwa paki ndi nkhani ina yomwe simungaifune pa dzina la sukulu.

Mukayeza, ikani chithunzi cha muvi ndi nambala yomwe amakaniko apeza m'gulu muno, ndidzakuuzani dzina lenileni loti achimwene akatchule m'sitolo. Ngati bowo lake ndi la .204, ndiuzeni msanga: paketi ya m'kabati ija ndi ya saizi imeneyo, ndingapatsire kondakitala wa minibasi yopita ku Nsanje akakusiyireni pa siteji ya Ngabu.