Yankho la amalume pa za chilole cha asilikali chija

Eee, halo, mphwanga. Ndi ine malume ako kuno ku Masambanjati. Mwaswera bwanji nonse pagulupu pano? Achemwali, ndaona mwalemba kuti ndimuyankhe mwanayu asanataye ndalama, ndiye ndi pano ndayamba. Kulemba ine ayi, zala zangazi zinazolowera sipanala, ndingolankhula basi. Mukamva phokoso ndi mvula pamalata, yayamba masana ano.

Zithunzi zija ndaziona, ndachita kuitana mdzukulu kuti andikulitsire. Iwe ukuti wapeza lole yakale ya asilikali kufupi ndi Pretoria, SAMIL 50, mtengo wake wotsika kuposa ka Canter, ndiye ukufuna ugule, uitumize kuno izinyamula nandolo, njerwa ndi mchenga iwe uli ku Joni komweko. Wati poti ine ndinakhalapo ndi yotere ndikuuze zoona zokhazokha. Chabwino.

Ndisakunamize, nditaiona ndinameza malovu. Zimenezo anazipanga ku South Africa komweko nthawi ya boma la tsankho lija, potengera ma Magirus Deutz a ku Germany. Pali 20, pali 50, pali 100, ndipo nambalayo ikunena katundu: matani awiri, asanu, khumi. Yakoyo imakoka ndi matayala onse anayi. Zoyambirira zinali ndi injini ya Deutz yozizira ndi mphepo, yopanda rediyeta, pomwe zina zam'mbuyo anaikamo injini ya ADE, ya madzi. Ukamufunse mwiniwakeyo kuti muli iti, chifukwa masipeya ake si amodzi. Ya mphepo ija ubwino wake palibe zodontha madzi panjira, koma imafuna munthu waukhondo. Fumbi likasakanikirana ndi oilo n'kumata zipsepse za masilinda, imatentha mwakachetechete mpaka kudzipha yokha.

Yanga ija inali Bedford MK, ya ku England. Iwe unali wamng'ono, koma ukuikumbukira, paja unkalira kuti ukwere kutsogolo. Mtundu umenewo unayamba kutuluka mu 1970, ndipo asilikali a Britain anaugwiritsa ntchito zaka zambirimbiri. Yonyamula matani anayi, injini ya masilinda sikisi. Ndinaigula mu 2005 ndi ndalama yanga yopumira ntchito ku esiteti, kwa mkulu wina ku Limbe amene ankatutira nkhuni. Anthu kuno anaipatsa dzina lakuti Keyala, poti inali yobiriwirabe ngati ya asilikali akale aja. Ikamakwera chitunda ana ankaimva ikadali kutsidya, n'kuyamba kuthamangira kumsewu.

Tsiku limodzi lokha ndikuuze, kuti udziwe chimene chimapusitsa munthu. Unali February, msewu wa ku Thekerani usanaone phula. Mvula inagwa masiku atatu osakata. Ndinapakira nthochi mpaka pamwamba, ndikubwera, ndinapeza pachitunda china malole atatu atatitimira, ina itapingasa msewu, matayala akungozungulira pamodzimodzi ngati chigayo. Amayi a geni atakhala pamikoko ya nthochi zawo, zina zayamba kale kupsa, ena akulira ndithu. Dothi lathu lofiira lija ukulidziwa, likanyowa limaterera ngati therere. Ine ndinangoika giya yaing'ono, n'kulowetsa zokokera kutsogolo, Keyala n'kudutsa m'mbali mwa ngalande pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kumunda. Nditafika pamwamba ndinabwerera ndi tcheni, n'kuwakoka onse atatu mmodzimmodzi. Tsiku limenelo ndinalowa mu Limbe ndekha ndi nthochi, mtengo ndinkatchula ndine. Azakhali ako anagula malata a khitchini ija ndi ndalama ya sabata imeneyo.

Koma masiku otere pachaka ndi angati? Apa ndi pamene pagona nkhani. Galimoto ya asilikali anaipangira malo amene ena sangafike. Mvula ikatha, msewu ukauma, ka Canter kamakudutsa kakuimba nyimbo, kamapita ku Limbe n'kubwerako iwe ukadali pa Bvumbwe. Yanga ikafika pa 70 chiwongolero chinkanjenjemera, m'kati simumvana, azakhali ako ankati akatsika makutu amalirabe mpaka madzulo. Dizilo paphula inkandipatsa makilomita anayi kapena asanu pa lita, m'matope osanena. Yakoyo injini yake ndi yaikulu kuposa ya Bedford, ndiye usayembekezere chifundo. Tsono mwini nandolo safunsa kuti lole yako inamenya nkhondo yanji. Amafunsa kuti thumba ndi zingati kukafika ku Limbe, ndipo wa Canter amatchula mtengo umene iwe sungaufike. Chitsulo chokhachokha cha galimotoyo n'cholemera kale, umawotcha mafuta kunyamula lole yeniyeniyo usanaikemo ndi thumba limodzi lomwe.

Ndiponso matope amene ankandidyetsa ine aja anatha. Msewu wa ku Thekerani pano ndi phula, timaminibasi tikungoyenda. Nthochi zimene ndinkanyamula zinapita ndi chisaka, uyo ankadzaza lole sabata iliyonse lero akugula nthochi pamsika ngati mlendo. Ena ayambanso kubzala mbewu yatsopano, koma sizinafike pakale paja.

Pepani, inaduka, mwana anandiimbira. Ndimati chiyani? Eya, masipeya.

Boma likamasunga magalimoto oterewa limakhala ndi nyumba yodzaza masipeya, amakaniko olipidwa pamwezi, dizilo wosawerenga. Iwe ukagula, umagula lole yokha, nyumba ya masipeya ija imatsala. Bedford anasiya kupanga malole cha m'ma 1986, ndiye pamene ine ndinkagula n'kuti kampaniyo itatseka kalekale. Mwayi wanga unali woti ma Bedford wamba, ma J5 ndi ma J6 aja, anali mbwee m'maesiteti ndi m'boma, ndiye za injini ndinkazipeza kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande. Koma zokokera kutsogolo, difu yakutsogolo ndi kabokosi kogawa mphamvu kaja, zimenezo ma J6 alibe. Chaka china kanatha kaberingi m'kabokosi kameneko. Kanthu kolowa m'thumba la malaya. Lole inakhala pamiyala miyezi inayi. Ndinayenda nako kakufako m'manja, nditakakulunga m'nyuzi, sitolo ndi sitolo mu Limbe monse, aliyense akukatembenuza n'kupukusa mutu. Nkhuku zinayamba kuikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala, achemwali ndinu mboni, munadyako mazira amenewo. Mpaka mnzanga wina woyendetsa mathiraki a ku Durban ndi amene anakandipezera.

Pamenepa iwe uli ndi mwayi kundiposa, ndivomereze. Ku South Africa kuli makampani amene ntchito yawo ndi kukonzanso ma SAMIL ndi kugulitsa masipeya ake, ndipo iwe uli konko, ukhoza kupatsira a mabasi. Koma uzigula ndi ma rand, pomwe lole ikulipidwa makwacha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tsiku limodzi, amene anali ndi galimoto yodalira zakunja anaona zakuda. Za kusowa kwa dizilo sindichita kukuuza. Ine mu 2011 ndinagona masiku pamzere ku Luchenza, n'kupatsidwa malita amene Keyala ankangotsukira m'kamwa.

Matayala. Anga anali 12.00 R20, a SAMIL ndi okulirapo. Si tayala loti ungalipeze pa Thyolo boma likaphulika Loweruka madzulo. Ndipo malimu a magalimoto akalewa ambiri ndi a mphete yochotsa ija. Mnyamata wosadziwa akapopa mpheteyo isanakhale bwino, imafwamphuka ngati chipolopolo, anthu anafapo nazo zimenezi. Ine ndinkamanga tcheni kuzungulira tayala ndisanapope, ndipo ana ndinkawathamangitsira kuseri kwa nyumba. Magetsi akenso ndi a 24 volts, mabatire awiri, akafa umagula onse awiri. Kukankha? Mudzi wonse ubwere.

Wanena kuti yayenda makilomita ochepa, penti yatsopano. Mphwanga, chikomekome cha mkuyu. Galimoto za asilikali zambiri zimakalamba zitaima, ndipo kuima kumawononga kuposa kuyenda. Labala yense amauma: masilo, mapaipi a mabuleki, matayala ooneka mano onse koma m'mbali muli ming'alu. Ukangoipatsa katundu sabata ziwiri imayamba kudontha paliponse ngati denga la udzu wakale. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, ukawerenge wekha. Upite m'mamawa osamuuza nthawi, ugwire injini ndi dzanja kuti uone ngati ndi yozizira, ailize iwe uli pompo. Utsi woyera kapena wabuluu ukapitirira injini itatentha kale, tsanzika. Ulowe pansi ndi kahamala, ugogode chesisi makamaka pamene pagwira masipuling'i, chifukwa penti amabisa dzimbiri. Uone mphepo ya mabuleki ngati ikudzaza msanga, uzimitse, umvetsere ngati ikuthawa. Magiya ake a m'matope awalowetse ndi kuwatulutsa pamaso pako, pa dothi osati paphula. Akakana chimodzi mwa zimenezi, wakuuza kale yankho.

Mapepala ndiye usachite nawo chibwana. Ikhale yoti inatuluka m'manja mwa asilikali mwalamulo, inalembetsedwa ngati galimoto wamba, ndipo nambala ya chesisi ndi ya injini zikufanana ndi zapapepala, chilembo ndi chilembo. Pafunika chikalata cha apolisi a konko chosonyeza kuti si yakuba, kuno a Interpol adzaionanso isanalembetsedwe ku Road Traffic. Msonkho ukafunse ku MRA usanapereke ndi tambala yomwe kwa wogulitsayo, anthu ambiri amawerengera mtengo wogulira okha, galimoto n'kukagona pa Mwanza miyezi. Ulendonso wokha, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kudzafika kuno ndi makilomita oposa 1,600, ndipo dziko lililonse lili ndi zolipiritsa zake. Ikafika, COF, chikalata chija chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, inshuwalansi, ndi dalaivala wa laisensi ya C1 kupita m'mwamba, ya B ija siyilola. Mtundu wa asilikaliwo uufute, ipake yoyera kapena yabuluu. Ine ndinachedwa kutero chifukwa chokonda dzina lija, ndipo palodibuloko paliponse ndinkachita kufotokoza mbiri yonse ya galimoto ngati ndili pabwalo la amfumu.

Tsono chachikulu chimene chikundidetsa nkhawa si chitsulocho ayi. Ndi chakuti iwe uli ku Joni. Keyala anakhala nane zaka khumi chifukwa woyendetsa ndinali ine, makaniko ndinali ine. Injini yake inali kuseri kwa mipando, kebini yosapendekeka, umachita kutsegula tizitseko tam'mbali n'kulowetsa mutu ngati ukusuzumira m'nkhokwe. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkavala ovolosi n'kuyenda ndi gilizi malo onse, ndipo kakayamba kulira kachilendo ndinkakamva tisanafike pa Makwasa. Dalaivala wolembedwa sangakuchitire zimenezo. Adzaithamangitsa paphula magiya a m'matope ali olowetsa, adzanyamula matani eyiti a mchenga wa mumtsinje poti ndi ya asilikali siimva kanthu, dizilo wina adzatsikira m'zigubu. Iwe uzingolandira mauthenga: bwana, yafuna ichi, bwana, yafuna icho. Wati msuweni wako angaiyang'anire. Ali pagulupu pompano, akumva, sindikumunyoza, ndi mwana wabwino, koma njinga yamoto ija inatha miyezi ingati? Hahaha, pepa mwanawe, ndanena.

Komanso pali msonkho wina umene sulembedwa. Mwini lole pamudzi ndiye wonyamula maliro. Usiku pakati agogoda, thupi lili ku chipatala cha boma ku Thyolo, ndalama ya dizilo tidzaona pambuyo. Sungakane, mawa ndi iwe. Mpira wa anyamata, amvano akupita kumsonkhano, mkwati ndi katundu wake. Zonsezo mayi akowa ndi amene azidzayankha pakhomo, iwe uli kutali.

Ndiye ukandifunsa ine, ya bizinesi yonyamula nandolo ndi njerwa iwe kulibe, ayi, usagule. Ndalama imeneyo onjezera pang'ono upeze Canter kapena Dyna, masipeya ake ali pa Luchenza pomwepa ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Koma ngati uli ndi maganizo obwerera kumudzi, n'kupeza ntchito yokhazikika ya kumalo koipa, monga kututa mitengo ya bulugamu m'mapiri kapena kukafika kumidzi ya kumunsi kwa Thekerani nthawi ya dzinja, apo tikhoza kukhala pansi. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, milatho itakokoloka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu angapo anandiimbira kufunsa ngati Keyala alipobe. Ndinali nditamugulitsa kale kwa munthu wa ku Milange. Usiku umenewo sindinagone bwino, ndisaname.

Mawa ukapite ukaijambule vidiyo ikulira m'mamawa, foni uyiike pafupi ndi injini, kenako kumbuyo kotulukira utsi, unditumizire ndimve ndi makutu anga. Ujambulenso kachitsulo kolembedwa manambala a injini kaja. Achemwali, musadandaule, sagula mawa. Batire yanga yafiira ndipo magetsi anazima m'mawa, ndiyankha zina akayaka. Upereke moni kwa apongozi ndi ana.