Kwa mayi amene afunsa za mwana wawo wothamanga ndi mayunivesite a boma a ku America

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wamkazi, yemwe ndi katswiri pa mpikisano wothamanga mtunda wautali, angaphunzire osalipira kanthu pa yunivesite ya boma ku America chifukwa cholowa timu ya pasukulupo. Zimatheka ndithu, koma ambiri salipiridwa zonse, ndipo apa m'pamene mabanja amagwira fuwa lamoto.

Masewero a m'mayunivesite ambiri kumeneko amayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, lomwe lidagawa sukulu m'magulu atatu: Division I, II ndi III. Sukulu za Division III sizipereka ndalama chifukwa cha masewero ayi. Mu Division I ndi II thandizo lilipo, koma kawirikawiri kochi wa othamanga amakhala ndi thumba limodzi loti agawire timu yonse. Wina amamulipirira theka, wina mabuku okha. Ndalama zambiri zimabwera ndi mpira wa ku America wotchedwa American football ndi basketball ya amuna. Bwalo la University of Michigan limalowa anthu oposa 100,000, pomwe othamanga sakoka khamu lotere. Chomwe chimathandiza atsikana ndi lamulo la Title IX la 1972, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kusala akazi, ngakhale pa masewero.

Tsono nachi chomwe ambiri sachidziwa. Yunivesite ya boma imakhala ndi fizi ziwiri: yotsika ya ana a m'chigawo chomwecho, ndi yokwera ya ochokera kwina. Mwana wochokera kunja kwa dziko amagwera pa yokwerayo. Ndiye akakuuzani kuti alipira theka, theka lotsalalo likhoza kukhala ndalama zoti banja silingakwanitse. Musavomere za pakamwa. Kochi akulembereni pepala lonena chomwe alipire: fizi, malo ogona, chakudya, inshuwalansi ya kuchipatala. Alembenso ngati thandizolo n'la chaka chimodzi kapena la zaka zonse, komanso chomwe chingachitike mwana akavulala bondo n'kulephera kuthamanga. Funso lomalizali ine ndimaliona lofunika kuposa onse, chifukwa mwana amakhala kutali ndi kwawo ndipo chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chimadalira kuti akhalebe pasukulu.

Musazengerezenso. Mwana ayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati wophunzira ali woyenera kupikisana, komwe amaunika maphunziro 16 a kusekondale, ndipo ku Division I amafuna GPA (avareji ya magiredi ake) yosachepera 2.3. Akamaliza sekondale ali ndi chaka chimodzi chokha. Akapitiriza kupikisana chitatha chakacho asanayambe yunivesite, akhoza kuchotseredwa zina mwa zaka zinayi zomwe amaloledwa kuthamangira timu. Ngati adalandirapo mphotho ya ndalama, asunge umboni wake, poti amafunsa.

Mwanayo mumuuze chilungamo kuti ntchito ndi yaikulu. Lamulo limati maola 20 pa sabata nthawi ya mipikisano, koma maulendo sawerengedwa pamenepo. Wothamanga mtunda wautali amayamba ndi cross country (kuthamanga kutchire), kenako mipikisano ya m'nyumba nthawi yozizira, n'kumaliza ndi ya pabwalo, moti chaka chonse cha sukulu sapuma kwenikweni. Akagwa m'kalasi amamuimitsa m'timu.

Mwina mwamva kuti osewera akulandira ndalama masiku ano. N'zoona: kuyambira July 2021 amaloledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo, ndipo kuyambira 2025 sukulu zina zikuwalipira zokha. Koma visa ya ophunzira ya F-1 ili ndi malamulo okhwima pa zogwira ntchito, choncho musaike ndalama zimenezi pa bajeti yanu musanafunse ofesi yoona za ophunzira akunja ya pasukulupo.

Poyamba simufunika kulipira mkhalapakati. Ma imelo a makochi ali pa masamba a intaneti a matimuwo. Mwana alembe yekha, aikepo nthawi zomwe adathamanga pa mipikisano yovomerezeka, zotsatira za mayeso ndi kanema wamfupi, ndipo atumize ku sukulu zingapo, za Division II zomwe.