Musathamangire kugula driver, yambani mwakonzekera nthaka yonyowa ya ku Mzuzu

Achimwene, mwanena kuti ndodo zanu za gofu zakhala m'chikwama kuyambira Novembala, ndipo mukufuna kubwerera pabwalo mipikisano ikamayamba. Mwafunsanso ngati kuli koyenera kugula driver yatsopano (ndodo yaitali yomenyera mpira patali poyamba dzenje), popeza imene muli nayo imakhotetsera mpira kumanja. Ine ndasewera kuno kwa zaka zingapo, ndipo ndikuti ndalamayo muyambe mwaisunga. Chimene chidzakusautseni m'masabata oyambirira ndi nthaka yonyowa, komanso thupi limene latha miyezi inayi msana usanapotokole ngakhale kamodzi.

Malangizo ambiri amene timapatsana m'gulu muno amachokera kwa anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene mvula imayamba kudula kumapeto kwa Malichi ndipo bwalo limauma msanga. Kuno mvula imapitirira mpaka Epulo, zaka zina n'kulowa mu Meyi, ndipo ikangotha timalandira nkhungu, mame ochuluka ndi kamvula kowaza ka mu Juni ndi Julayi. Choncho munthu wa ku Mzuzu amasewera pafupifupi theka la nyengo pa udzu wonyowa. Pamalo otere mpira ukagwa umaima pomwepo, suthamanga monga umachitira mu Seputembala, ndiye mtunda umene munkafika ndi 7-iron chaka chatha m'chilimwe ungafune 6-iron tsopano, popeza ndodo yachitsulo ya nambala yotsika imamenya patali. Vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi lakuti nthaka yofewa sikhululuka. Panthaka youma, ndodo ikagunda pansi pang'ono isanafike pa mpira imatha kudumpha n'kuumenyabe bwino, koma m'matope imalowa pansi, ndipo mpira umangoyenda mamita 30 pamene inu mumafuna 130.

N'chifukwa chake ndikanakhala inu, masiku atatu kapena anayi oyamba ndikanawathera pa chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kumenya mpira ndodo isanakhudze nthaka. Yalani kathaulo kumbuyo kwa mpira, pamtunda wofanana ndi chikhatho chanu, ndipo mumenye ndi pitching wedge kapena 9-iron, ndodo zomenyera pafupi, popanda kukhudza thaulolo. Thupi lilemere pang'ono kumwendo wakutsogolo, ndipo musagwiritse ntchito mphamvu zonse. Mukaona kuti pamene ndodo yakumba udzu ndi kutsogolo kwa pamene panali mpira, mwayamba kupeza. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo palibe amene adzakuombereni m'manja, koma imapulumutsa mashoti ambiri pa khadi la zotsatira la mu Epulo kuposa ndodo iliyonse imene mungagule.

Za thupi ndilankhula monga munthu amene anaphunzirapo mowawa. Chaka china nditapuma nyengo yonse ya mvula, ndinafika pabwalo m'mawa kukuzizira, ndinatulutsa driver n'kumenya mwamphamvu kuti anzanga aone kuti sindinaiwale. Pofika pa dzenje lachinayi msana unali utagwira, ndipo ndinakhala masabata atatu ndikuvutika ngakhale kumanga zingwe za nsapato. Maenje 18 amamuyendetsa munthu makilomita oposa 6, nthawi zambiri kwa maola anayi, ndipo pa udzu wonyowa miyendo imalema msanga. Kutatsala masabata awiri kapena atatu yambani kuyenda mofulumira kwa mphindi 30 kapena 40 tsiku lililonse. Zitunda sizisowa mumzinda uno, kaya mumakhala ku Katoto, ku Chimaliro kapena ku Luwinga. Madzulo muziika ndodo pamapewa n'kumatembenuka pang'onopang'ono uku ndi uku. Tsiku losewera, yambani ndi ndodo zifupizifupi, driver ibwere pomaliza thupi litatentha.

Chikwama chija chitsegulidwe lero lomwe, osati Lachisanu usiku mawa lake kuli mpikisano. Chinyontho cha kuno chimagwiritsa dzimbiri pa ma shaft achitsulo (thunthu la ndodo) ndipo magolovesi amachita chuku. Tsukani ma grip onse (mphira za pogwirira ndodo) ndi madzi ofunda, sopo ndi kaburashi, kenako muwaumitse pamthunzi. Grip imene ikunyezimira ndipo yauma ngati pulasitiki yatha ntchito, isinthidwe. Apa m'pamene funso lanu la driver layamba kuyankhidwa, chifukwa grip ikamaterera munthu amaifinya mosadziwa, manja amauma, nkhope ya ndodo imalephera kutsekeka pofika pa mpira, ndipo mpirawo umathawira kumanja. Kusintha ma grip a chikwama chonse kumatchipa kwambiri poyerekeza ndi driver imodzi. Mizere ya pankhope ya ma iron muichotse dothi, popeza ntchito yake ndi kutulutsa madzi ndi udzu pakati pa ndodo ndi mpira. Onaninso mano a pansi pa nsapato, ndipo munyamule magolovesi awiri, thaulo louma lobisa m'kati mwa chikwama, ndi ambulera. Mukatero muwerenge ndodozo. Lamulo limalola 14 basi, ndipo panthawi yopuma zikwama zathu zimatolera ndodo zobwereka. Mumpikisano wowerenga mashoti, chilango chake ndi mashoti awiri pa dzenje lililonse limene mwasewera ndi ndodo zopitirira, mpaka kufika mashoti anayi.

Putter, ndodo yokankhira mpira m'dzenje, musaiiwale. Pabwalo la par 72 (mashoti amene katswiri amayembekezeka kumenya pa maenje 18), chiwerengerocho chimaganizira kuti munthu amenya kawiri pa green iliyonse (udzu wosalala wozungulira dzenje), kutanthauza mashoti 36, theka lenileni la masewero onse, pamene driver mumaigwira mwina ka 14. Dzenje ndi lotambalala mamilimita 108, ndiye kapu yogoneka pa kapeti pabalaza imakwanira pophunzira ma putt a mita imodzi kapena awiri kwa mphindi 10 madzulo aliwonse. Green yonyowa imachedwa ndipo mpira sukhota kwambiri, choncho muzimenya molimba mtima.

Pali mbali ina imene ambiri timaluzirapo mashoti popanda chifukwa, ndiyo malamulo okhudza madzi ndi matope. Malamulo a gofu amalembedwa ndi bungwe la R&A la ku St Andrews pamodzi ndi la USGA la ku America, ndipo anasinthidwa kwambiri mu 2019, koma mpaka lero ndimakumana ndi anthu ogwetsa mpira kuchokera paphewa. Masiku ano mpira umagwetsedwa kuchokera pa bondo. Ngati mpira wanu uli m'madzi amene angodikha chifukwa cha mvula, kapena ngati madzi akuoneka pamene mwaponda mutaima kuti mumenye, muli ndi ufulu wousuntha popanda chilango. Mumapeza malo apafupi kwambiri amene madziwo sakukusokonezaninso, osayandikira kudzenje, n'kugwetsa mpira osapitirira kutalika kwa ndodo imodzi kuchokera pamenepo. Dziwani kuti matope okha kapena nthaka yofewa siziwerengedwa ngati madzi odikha, ndipo pamenepa pamabuka mikangano yambiri. Mpira umene wadzikwirira m'kabowo kamene wakumba wokha pogwa mungathenso kuutola, kuupukuta ndi kuugwetsa kwaulere, kaya ndi pa fairway (udzu wotchetchedwa bwino) kapena mu rough (udzu wautali wa m'mbali), koma osati mu bunker (malo a mchenga) kapena m'malo a chilango.

Zotola mpira pa fairway, kuupukuta ndi kuuika pabwino, zimene timati preferred lies, si ufulu wa tsiku lililonse ayi. Zimagwira ntchito pokhapokha komiti ya kalabu italengeza, ndiye muzifunsa musanayambe, ndipo mufunsenso kuti akulola kusuntha mtunda wotani. Nthawi yofunafuna mpira wotayika inachepetsedwa kuchoka pa mphindi 5 kufika pa mphindi 3, ndipo ndi mmene udzu umakulira kuno pambuyo pa mvula, ndi bwino kumenya provisional, mpira wachiwiri woti mugwiritse ntchito ngati woyamba watayika, nthawi iliyonse imene mukukayika, mutanena momveka kwa anzanu musanamenye. Za mphenzi sindichulutsa mawu. Lamulo limalola wosewera kuimitsa masewero yekha ngati akuona kuti pali ngozi ya mphenzi, kenako n'kudziwitsa komiti. Munthu wonyamula zitsulo pamtetete alibe chifukwa chodikira kuti wina amuuze, ndipo pansi pa mtengo si pobisala.

Mwatchulanso nkhawa yoti handicap yanu, nambala yosonyeza luso lanu imene imatsika mukamasewera bwino, ikwera mukayamba moipa. Pa dongosolo la World Handicap System, limene linayamba mu 2020, amatenga zotsatira 8 zabwino kwambiri mwa 20 zomalizira, ndipo dzenje limene mwasokoneza kwambiri limawerengedwa mongolekezera pa net double bogey, kutanthauza par ya dzenjelo kuphatikiza mashoti awiri ndi amene handicap yanu imakupatsani pamenepo. Makhadi awiri kapena atatu oipa a mu Epulo sasintha zambiri, choncho aperekeni onse. Kubisa makhadi oipa kumangokusiyani ndi handicap imene simungaikwanitse, ndipo amene amavutika ndi mnzanu amene mwagwirizana naye pa mpikisano wa awiriawiri.

Caddie wanu, wokunyamulirani chikwama, mumufunse mafunso tsiku loyamba. Iye wakhala akuyenda pabwalopo nyengo yonse imene inu munali kunyumba, ndipo akudziwa pamene pamadikha madzi, green imene yachedwa kwambiri ndi mbali imene mpira umamira. Muzimulipira bwino, makamaka tsiku la mvula. Ndipo ngati mukuganiza zokasewera kunja kwa mzinda chaka chino, kumbukirani kuti Mzuzu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepukirapo, kotero mitunda imene mwazolowera kuno muyenera kuiyesanso mukatsikira ku Dwangwa kapena ku Nchalo.

Tibwerere ku driver ija. Mpira umakhotera kumanja, kwa munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja, pamene nkhope ya ndodo yatseguka poyerekeza ndi njira imene ndodoyo ikudutsa. Ndodo yatsopano singasinthe njira ya manja anu. Sinthani grip, tembenuzirani dzanja lamanzere pang'ono kumanja mpaka muziona mfundo ziwiri kapena zitatu za zala, ndipo mupemphe katswiri kapena wosewera wa handicap yotsika kuti akuonereni kwa ola limodzi. Ngati driver yanu ndi yosinthika, kwezani loft, kupendekeka kwa nkhope ya ndodo, ifike madigiri 11 kapena 12, chifukwa loft yokwera imachepetsa kukhota komanso imanyamula mpira m'mwamba nthawi yotalikirapo, zomwe ndi zofunika pamene pansi sipakuthandiza. Ikapitiriza kuvuta, 3-wood, imene ndi yofupikirapo kuposa driver, ikhale ndodo yanu yoyambira kwa mwezi wathunthu. Pofika Ogasiti bwalo lidzakhala litauma ndipo manja adzakhala atabwerera m'malo mwake. Ngati panthawiyo mpira udzakhala ukuthawirabe kumanja, mudzabwereke ma driver awiri kapena atatu a anzanu, mudzawayese pabwalo lomweli, kenako mudzagule imene yakuyanjani. Mudzasamale ndi zogulitsidwa pa intaneti pamtengo wotsika modabwitsa, popeza ndodo zachinyengo zolembedwa mayina otchuka zilipo zambiri, ndipo ine ndinagulapo imodzi imene mutu wake unang'aluka isanathe miyezi iwiri.